Kudikira Kuli Pawiri

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri imene imamveka ngati yotsutsana. Wina umati kuona maso a nkhono nkudekha. Unzake umati zengerezu adalinda kwawukwawu. Woyambawo ukutilangiza kuugwira mtima, wachiwiriwo ukutidzudzula tikamachedwa. Masiku ambiri kutsutsana kumeneku sikutisautsa, pakuti timangotola mwambi umene watikomera tsikulo, winawo nkuusungira mawa. Koma ilipo nthawi imene munthu sangatole mwambi mwachisawawa, ndiyo pamene mwana wadwala nthenda imene pamudzi palibe woidziwa dzina. Pamenepo funso limalemera. Kodi kumkonda mwanayu ndiko kudekha kapena kuthamanga? Nanga ndani angatiuze kuti nthawi ino ndi ya chiti?

Mwezi uno tikufuna kusinkhasinkha funso limeneli maso athu ali pa boma la Chiradzulu, ndipo titero poyang'ana nthenda zitatu za ana. Zonse zitatu zimayamba ndi kanthu kooneka ndi maso, kachotupa kapena kabanga, koma chimene iliyonse imafuna kwa makolo nchosiyana kutalitali.

Nthenda yoopsa pamaso, yofatsa m'machitidwe

M'magazi mwathu muli tinthu tamoyo tating'onoting'ono tolimbana ndi matenda, timene ambiri tidazolowera kutitchula kuti asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ali ndi malo awo osonkhanirapo, ndiwo anabere aja amatupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda. Nthawi zina gulu lina la asilikaliwa limayamba kuswana mopyola muyeso, popanda mdani woti lilimbane naye. Kuswana kotereku kukachitikira pakhungu pamabuka nthenda zingapo zosowa kwambiri, ndipo imodzi mwa izo madokotala amaitcha lymphomatoid papulosis. Dzina la Chichewa ilibe, ndipo nzosadabwitsa, pakuti kumene adaiwerenga imagwira munthu mmodzi kapena awiri okha mwa anthu miliyoni imodzi pa chaka, ndipo mwa ochepawo ana ndi ochepanso.

Machitidwe ake ndi awa. Pamimba, pamsana, m'mikono kapena m'miyendo pamatuluka tizotupa tolimba, tina tofanana ndi njere ya nandolo. Tina timaphulika pakati nkuchita nkhanambo. Pakapita milungu ingapo timauma tokha, nkusiya kabanga kapena kachipsera. Makolo amapumira m'mwamba poganiza kuti zatha. Koma pakapita miyezi tina timatulukanso pamalo pena, ndipo zimatha kubwerezabwereza chotero kwa zaka zambiri. Nthawi yonseyi mwanayo amadya, amasewera, amapita kusukulu. Nthendayi sipatsirana, mbale wake wogona naye mphasa imodzi sangaitenge.

Dokotala wa ku America amene adaipatsa dzinali mu 1968, Warren Macaulay, adaona chinthu chozunguza mutu. Munthu akadula kachidutswa ka khungu lodwalalo nkukaika pa makina okuza zinthu zosaoneka ndi maso, chimene chimaonekapo chimafanana kwambiri ndi khansa yoopsa. Komabe tizotupato timapola tokha. Makina akuti thamangani, thupi la wodwala likuti dekhani.

Tsono dokotala amene wapeza nthenda imeneyi mwa mwana amayesedwa kwambiri. Mankhwala amphamvu a khansa, aja amathothola tsitsi, kusanzitsa ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi, amatha kuzimiriritsa tizotupato kwa kanthawi, koma akangolekeza timabweranso, mwana nkukhala atazunzika pachabe. Nchifukwa chake akatswiri a khungu amagwirizana kuti kwa ana ambiri chithandizo chabwino ndicho kuyang'anira. Tizotupa tikachuluka kapena kusautsa, amapereka mankhwala opaka, kapena kuunikira khungu ndi kuwala kwa mtundu wina, kapenanso mankhwala otchedwa methotrexate pamlingo wochepa, kamodzi pamlungu. Koma mwa odwala nthendayi alipo ochepa amene pambuyo pake, mwina patapita zaka, amadzadwala khansa yeniyeni ya anabere. Ndiye dokotala akanena kuti tidikire, amawonjeza mau ena awiri: mubwere naye.

Ife Amalawi mau oti tidikire sitiwakonda tikawamva kuchipatala. Tikayenda mtunda mwana ali kumbuyo, nkubwerako opanda jakisoni ngakhale mbulu umodzi, timati dokotalayo ndi waulesi kapena watinyoza. Nthenda imeneyi ikutiphunzitsa kuti nthawi zina dzanja limene lakana kubaya jakisoni ndilo lamkonda mwana koposa.

Zotupa zosadikira munthu

Tikadalekera pomwepa, bwenzi tikunamiza owerenga athu. Pa mwana mmodzi amene ali ndi nthenda yofatsa ija alipo ambirimbiri m'dziko muno amene chotupa chawo sichidikira munthu.

Mu 1958 dokotala wina wochita maopaleshoni pa chipatala cha Mulago ku Kampala, Denis Burkitt, adalemba za khansa imene inkatupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri adayenda ulendo wa pagalimoto wa makilomita pafupifupi 16,000, kufunsa m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za kuno ku Nyasaland, kuti adziwe kumene nthendayi imapezeka. Adapeza kuti imakonda malo otentha ndi a chinyezi, komwe malungo ali pakhomo. Mu 1964 akatswiri atatu ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong, adapeza kachirombo m'zotupazo. Lero tikudziwa kuti kachiromboka ndi malungo obwerezabwereza zimathandizana kusokoneza asilikali a m'thupi la mwana mpaka kuswana kosaleka. Khansa ya Burkitt ili m'gulu la khansa zimene zimagwira ana ambiri m'Malawi. Imatupitsa tsaya, diso kapena mimba, imagwedeza mano, ndipo imatha kukula kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Komatu ndi yomvera mankhwala modabwitsa. Pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, pamene Pulofesa Elizabeth Molyneux adagwira ntchito zaka zambiri pakati pa ana odwala khansa, ana ochuluka adachira nthenda imeneyi, makamaka amene adafika msanga.

Yachitatu ndi khansa ya Kaposi, imene idatenga dzina kwa dokotala wa ku Vienna, Moritz Kaposi, amene adaifotokoza mu 1872. Kachirombo koiyambitsa kadapezeka mu 1994 ku New York ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore. Kuno kwathu idachuluka pamene Edzi idafooketsa chitetezo cha anthu ambiri, ngakhale imagwiranso ana ena amene alibe kachirombo ka HIV. Mwa akulu timaidziwa ndi mabanga akuda pakhungu ndi miyendo yotupa molimba ngati mtengo. Mwa ana kawirikawiri imayamba ndi anabere otupa mbali zingapo za thupi, mwina ndi mabanga pakhungu kapena m'kamwa, ndipo imatha kuthamanga. Mwana wotere amafuna mankhwala a khansa, ndipo ngati ali ndi HIV, pamodzi ndi ma ARV.

Pa nthenda ziwirizi, mlungu uliwonse umene wapita tikungoyang'ana ndi mlungu umene tamubera mwana.

Dzina labodza lili ndi woimbidwa mlandu

Vuto ndi lakuti maso athu sangathe kusiyanitsa. Kachotupa ndi kachotupa basi. Mphere, chipere, chilonda cha udzudzu chimene mwana wakanda, chifuwa chachikulu cha m'anabere, nthenda yofatsa ija ndi khansa yothamanga, zonsezi poyamba zimatha kuoneka mofanana kwa mayi, kwa agogo, ngakhale kwa wachipatala amene. Dzina lenileni limapezeka mwana akapimidwa bwino, ndipo nthawi zambiri pokhapokha atadula kachidutswa ka chotupacho nkukatumiza kwa akatswiri oyeza. Kwa banja la ku Namitambo, ku Nkalo kapena ku Mbulumbuzi, ulendowu umayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kupita ku chipatala cha boma ku Chiradzulu kapena cha St Joseph's ku Nguludi, nkukathera ku Gulupu. Akatswiri oyeza zidutswa zotere ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo zotsatira zimatha kutenga milungu.

Mtima wa munthu sukonda kukhala ndi chinthu chopanda dzina. Pamene zotsatira zikuchedwa, kapenanso ulendo usanayambe nkomwe, mudzi umakhala utatchula kale. Ena amati ndi tsempho: mwana watupa chifukwa bambo kapena mayi sadasunge mwambo. Ena amati ndi ufiti, maso onse nkuloza kwa gogo wina wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Ena amanong'onezana kuti ndi khate, ena kuti ndi matenda aja, ana awo nkuwaletsa kusewera ndi wodwalayo.

Tiyeni tiyang'anitsitse maina amenewa. Lililonse lili ndi munthu woimbidwa mlandu. Tsempho likuloza kholo, ufiti ukuloza mnansi, khate likuloza mwana mwiniwakeyo. Sitikunyoza makolo athu akale amene, pofuna kuteteza banja ndi mwana wakhanda, adaika malamulo awo. Koma kutchula nthenda dzina ndi kugamula mlandu, ndipo wogamula mlandu asanamve mboni amalakwa ngakhale atakhala ndi mtima wabwino. Dzina labodza limapweteka kawiri. Limapha ubale, pakuti banja limapasuka kapena nkhalamba imathamangitsidwa chifukwa cha chotupa chimene chidadza ndi kachirombo ndi malungo. Limadyanso nthawi ya mwana, pakuti pamene tikuombeza, kutemera mphini ndi kukhalira bwalo, chotupa sichipuma.

Choncho udindo woyamba wa kholo pamaso pa nthenda yosadziwika ndiwo kudziletsa kutchula dzina limene alibe nalo umboni, nkupita kukafunsa kwa amene angalipeze. Safunsa adadya phula. Udindo womwewu uli pa achipatala. Mwana wa anabere otupa amatha kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi ingapo osasintha, chonsecho vuto lili pena. Wachipatala amene wanena poyera kuti izi zandipitirira, pitani kutsogolo, wachita ntchito yake mokhulupirika kuposa amene wapereka mankhwala kuti angooneka ngati wadziwa.

Mlonda ndi wam'tulo

Tsopano tingathe kuyankha funso lathu. Miyambi iwiri ija sikutsutsana, pakuti ikunena za kudikira kwa mitundu iwiri. Pali kudikira kwa mlonda, palinso kudikira kwa wam'tulo. Ukawaonera patali usiku onse awiri akhala phee, osachita kanthu. Koma wina maso ali tcheru, winayo wagona.

Kudikira kwa mlonda tingakuzindikire ndi zinthu zinayi. Choyamba, kumabwera munthu atafunsa kale. Amene wadekha chifukwa dokotala wapima nkunena kuti tiyang'anire ali pena, amene wadekha asanapite nkomwe ali pena. Chachiwiri, kuli ndi maso: mayi amayang'ana thupi la mwana pomsambitsa, amadziwa kuti tizotupa tinalipo tingati mwezi watha, amasunga bwino buku la kuchipatala kuti lisanyowe kapena kutayika. Chachitatu, kuli ndi tsiku lobwerera, ndipo tsikulo limasungidwa ngakhale mwana akuoneka kuti ali bwinobwino. Chachinayi, kumadziwa pothera pake. Chotupa chikamakula osaphwa, anabere akatupa molimba osabwerera, mwana akamatentha thupi kawirikawiri, kutuluka thukuta usiku, kuwonda kapena kuyera m'maso ndi m'manja, mlonda sayembekezanso tsiku lolembedwa lija. Amanyamuka.

Kudikira kwa wam'tulo kulibe zonsezi. Kumati tione kaye, koma sikuona. Kumati mawa, mawalo nkubala mawa linzake. Kawirikawiri pansi pake pamakhala mantha: tikuopa kuti akatiuza dzina loopsa, ndiye tikuganiza kuti tikapanda kulimva nthendayo kulibe. Munthu amadzinamiza kuti akudekha, chonsecho akuthawa.

Palinso kuthamanga kumene kuli m'bale wake wa tulo. Ndiko kuja kwa kholo limene lero lili kwa sing'anga uyu, mawa kwa wina, mkuja kukagula mankhwala pamsika, kenaka kumtulutsa mwana m'chipatala mankhwala asanathe chifukwa wina walonjeza machiritso a tsiku limodzi. Miyendo yatopa, ndalama zatha, koma dzina la nthenda silinapezeke. Kuthamanga kotere kumatonthoza mtima wa kholo, kuti anthu aone kuti sitinakhale pansi. Mwanayo sikumthandiza.

Kodi wosauka tingamutche waulesi?

Wina atifunsa, ndipo ali ndi chifukwa: nkosavuta kulemba za mlonda ndi wam'tulo, koma kodi mukudziwa mtengo wake wa ulonda umenewu? Ku Chiradzulu anthu ndi ambiri, minda ndi yaing'ono. Mwana akagonekedwa ku Blantyre, mayi ndiye amakakhala womdikirira, mwina kwa milungu, nkumabwererakonso kangapo kuti mankhwala athe. Kumudzi wasiya ana ena, munda wosapalira, nandolo wosakolola. Mankhwala m'chipatala cha boma salipira, koma minibasi imalipitsa, ndipo wodikirira odwala naye amadya. Mayi wotere akalephera kubwerera pa tsiku lake, kodi tinganene kuti wagona?

Ayi, sitingatero. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Zina mwa zifukwa zake zazikulu ndi kufika mochedwa ndi kulekeza mankhwala panjira. Mu 2018 bungweli lidaika cholinga choti pofika 2030 ana 60 mwa 100 alionse azichira. Kusiyana kumeneku sikutanthauza kuti amayi a kuno sakonda ana awo. Kukutanthauza kuti ulonda ndi katundu wolemera, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Ndiye funso lija, loti ndani wagona, likuchoka kwa mayi nkubwera kwa ife tonse. Kwathu kuno kumene mwana ali wa mbumba, mwinimbumba amene amafika msanga pa maliro koma osaoneka pa tsiku lofuna ndalama ya ulendo wa kuchipatala, ndiye wagona. Bambo amene amati za kuchipatala nza akazi, kapena amene amaletsa mkazi wake kupita mpaka iye atalola koma chilolezo osachipereka, ndiye wagona. Anansi amene ali ndi nthawi yokambirana kuti walodza ndani koma alibe m'mawa umodzi wokapalira munda wa mnzawo, ndiwo agona. Timadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni munthu akamwalira. Nchifukwa ninji kusonkhera wamoyo kumatilemera?

Ndipo tisanene kuti sizingatheke, pakuti Chiradzulu yomweyi idaonetsa kale dziko lonse kuti nzotheka. Mu 2001, pamene ambiri ankati mankhwala otalikitsa moyo sangayende pakati pa anthu osauka a kumudzi chifukwa sadzasunga nthawi yomwera, bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV m'boma lino, boma la Malawi lisanayambe kuwapereka mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Anthu zikwizikwi a m'midzi ya ku Chiradzulu adamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, adasunga masiku awo obwerera chaka ndi chaka, adakumbutsana ndi kuperekezana. Ameneyo ndiye mlonda amene tikunena. Nzeru imeneyi ilipo kale pakati pathu. Chatsala ndi kuigwiritsa ntchito pa mwana wa kachotupa.

Mwanayo naye ndi munthu

Chatsala chimodzi chimene timachiiwala kawirikawiri. Pamene akulu akukambirana, mwana amakhala pomwepo, akumva. Amaona nkhope zathu zikasintha. Amamva anzake kusukulu akumtcha wamphere, amaona akusuntha pa benchi. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene sadauzidwe kanthu amadzipangira yankho lake, ndipo kawirikawiri yankholo limakhala lakuti ndidalakwa ndine.

Tili ndi ngongole ya choonadi kwa iye, molingana ndi msinkhu wake. Tiyenera kumuuza kuti nthendayi sidabwere chifukwa cha kusamvera kwake, kuti sangaipatsire mng'ono wake, kuti tikupita kuchipatala chifukwa chakuti ndi chakuti, ndiponso kuti tikadziwa zambiri timuuza. Aphunzitsi ake auzidwenso, kuti amteteze kwa anzake. Mwana amene ali ndi nthenda yobwerezabwereza ija adzakula nayo, ndipo tsiku lina ulonda udzachoka m'manja mwa mayi ake nkukhala wake. Adzausenza bwino ngati adauphunzira ali wamng'ono kwa makolo osabisa mau ndi osachita phuma.

Abale athu, nthenda zambiri za pakhungu la ana nzazing'ono ndipo zimatha ndi mankhwala wamba. Sitikufuna kuti kachiphuphu kalikonse kazikusowetsani tulo. Koma kachotupa kakakhalitsa, kakamabwerabwera kapena kukula, musakatchule dzina pakhonde. Pitani naye mwana akapimidwe, ndipo mukatumizidwa kutsogolo pitani. Akakuuzani kuti thamangani, thamangani, mankhwala muwamalize. Akakuuzani kuti dikirani, funsani tsiku lobwerera ndi zizindikiro zoti muziyang'ana, nkudikira maso ali tcheru. Ndipo ife amene ana athu ali bwino lero, tifunse pamudzi pathu kuti ndi nyumba iti imene ili pa ulonda, tikailandire khasu kapena tikaiperekeze ku siteji, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.